Matailosi a mphira oletsa static pa simenti ya polishi ku Graniteside, ndiyambire pati?

Wa ku Mufakose, Lachiwiri usiku

Akuluakulu ndi anzanga a m'gulu muno, paja amati safunsa anadya phula. Ine phula lake ndalipeza kale, lili psuu pansi ponse pa chipinda chimene ndapatsidwa kuti ndigwiremo ntchito, ndiye ndati ndifunse ndisanalidye.

Ndine mmisiri wa matailosi. Ndinaphunzirira ku Lilongwe ndili mnyamata, ndipo kuno ku Harare ndatha zaka 11 ndikuyala a seramiki m'nyumba za ku Westgate, ku Madokero, ku Ruwa, kulikonse kumene anthu akumanga. Ntchito imeneyo ngakhale mutandidzutsa pakati pa usiku ndiigwira osafunsa munthu. Koma imene ndalandira sabata yathayi yandilanda tulo.

Bambo wina amene timapemphera limodzi wachita lendi chipinda ku Graniteside, kumunsi kuja kopenya ku mtsinje wa Mukuvisi. Amakonza mainiveta a sola, ma board a makina, nthawi zina ma laptop. Akuti kampani ina imene ikufuna kumamupatsa ntchito yamuuza kuti ngati pansi pake sipoletsa static, timagetsi tija timathetheka pa juzi, palibe chokambirana. Ndiye anaitanitsa katundu ku Johannesburg, wafika pa thiraki kudzera ku Beitbridge. Muli matailosi a mphira 140, lililonse masentimita 61 mbali zonse, kuchindikala mamilimita 2 okha, otuwa a timadontho takuda. Muli ndowa ziwiri za guluu wakuda bii, ndi kampukutu ka kopa kopyapyala ngati tepi. Pepala la malangizo lilipo, koma likungoti pansi pakhale pouma, posalala ndi paukhondo, ngati kuti ndi nkhani ya tsache.

Chipindacho ndi mamita 8 kwa 6, kutanthauza masikweya mita 48. Konkire yake ndi yakalekale, ine ndikuiyesa ya nthawi ya Rhodesia. Mbali yaikulu akhala akuipaka polishi wofiira uja timangomutcha kobra, zaka ndi zaka, moti ukakanda ndi chikhadabo chimatuluka chofiira. Pakona ina, pamene kale panali kaofesi, pali matailosi akale apulasitiki, ting'onoting'ono ta masentimita 23, ena osweka, pansi pake pali phula lakuda ngati la mumsewu. Pali mng'alu umodzi wochoka pakhomo kufika pakati pa chipinda, wolowa ndalama yachitsulo chammbali. Khoma lakumbuyo penti wake wam'munsi wafufuma, ndipo pakutuluka zoyera ngati mchere, ngakhale kuti pano mu Julayi pansi ponse pali pouma gwa. Ndikagoneka chitsulo changa choyezera cha mamita 2, malo ena pansi pake pamalowa pensulo.

Akanakhala a seramiki sindikanalemba zonsezi. Ndikanatema pansipo ndi chizulo apa ndi apo, pamene palowa ndikanachulutsa simenti yomatira, basi ntchito yatha. Ndipo pamenepa ndi pamene ndinadzimangirira ndekha, chifukwa mtengo ndinatchula wa seramiki, n'kulonjeza masiku atatu, ndisanatsegule n'komwe bokosi.

Ndiye ndithandizeni. Polishi ameneyu ndimuchotsa bwanji? Matailosi akalewo ndichotse kapena ndiyale pamwamba pake? Nanga kopayu ndi wa chiyani? Ine mphira imene ndimaidziwa ndi yotchinga magetsi, ija amagetsi amaponda akamagwira pa bokosi. Tsono mphira yomweyo akuti ndiilumikize ku earth, waya uja wopititsa magetsi m'nthaka, ndi nzeru yanji imeneyi?

Kamnyamata ka ku Epworth, Lachiwiri usiku

Achimwene musadzivutitse. Wiritsani madzi, thirani sopo waufa, kwechani ndi bulashi yawaya. Pakauma pukutani ndi thina wosungunulira penti uja, polishi yense asungunuka. Guluu wa m'ndowayo ngati akukukayikitsani pitani ku msika wa Siyaso mukagule wa contact uja timamatira makapeti, amagwira ngati nkhupakupa. Ife tinamata kapeti ya mphira m'jimu ina ku Hatfield chaka chatha, mpaka lero ili nji. Kopayo sungani, ali ndi msika wake ku Magaba kkkk.

Madala wa ku Mabvuku, Lachitatu m'mawa

Aphwanga a ku Mufakose, mwachita bwino kufunsa ndowa zili chitsekere. Iwe wa ku Epworth, za jimu zikhale za jimu, kumeneko palibe amene amayeza pansi ndi mita.

Ine ndinayala mphira ndi vinilo m'zipatala ndi m'mafakitale zaka zambiri mawondo asanandikane. Chimene chimagwetsa amisiri a seramiki akabwera kuno ndi chimodzi, anazolowera kuti tailosi limabisa. La seramiki ndi mbale yolimba, pansi pake mumaikapo simenti yochindikala imene imameza zolakwika zonse. La mphira la mamilimita 2 ndi nsalu. Kamchenga kamodzi mukakasiya pansi, pakatha milungu iwiri kamatulukira pamwamba ngati chiphuphu cha pamphuno. Pamene palowa, tailosi limalowanso. Pa masiku khumi a ntchito yotere, oyala matailosi sapitirira awiri. Enawo mumakhala chogwada, mukulimbana ndi konkire.

Tiyambe ndi polishi. Ndi phula, ndipo pa zaka zonsezo linalowa m'timaenje ta simenti. Sopo amangotsuka pamwamba. Thina kapena parafini ndiye amaononga kwambiri, chifukwa amalisungunula n'kulilowetsa mkati, kenako limadzakwera pang'onopang'ono n'kumatula guluu. Njira ndi imodzi yokha, kupala ndi makina. Yambani mwapala ndi chitsulo chamanja kuti phula lapamwamba lichoke, apo ayi limata mano a makinawo. Kenako bwerekani makina opalira konkire a mano a dayamondi, okhala ndi chopopera fumbi. Malo obwereketsa zida za zomangamanga alipo ku Msasa ndi ku Graniteside komweko. Palani mpaka kufiira konse kutha, patsale konkire yotuwa. Mukafuna kudziwa ngati mwafika, donthetsani dontho limodzi la madzi. Likalowa mphindi imodzi isanathe, pansi patseguka. Likakhala chiimire ngati mkanda, phula likadalipo, bwerezani.

Koma makinawo asayandikire pakona ya matailosi akale. Apa ndimvereni bwino. Matailosi a msinkhu umenewo a m'nyumba zakale, ndi phula lakuda lomwe analimatira, kawirikawiri amakhala ndi asibesito. Musadabwe, dziko lino linkakumba asibesito wambiri ku Zvishavane ndi ku Mashava, ndipo achikulire ambiri ochokera kwathu anagwira m'migodi imeneyo, bambo anga omwe. Akakhala chikhalire savulaza munthu. Mukamupala wouma, fumbi lake limakhala m'mapapo moyo wonse ndipo matenda ake amadzaoneka patapita zaka makumi. Kukhoza kwake n'kutenga kachidutswa kukayezetsa. Ngati sizitheka, muziona ngati alimo ndithu. Nyowetsani, tukulani tailosi lililonse lathunthu ndi chitsulo chaphanthiphanthi, ponyani m'matumba apulasitiki ochindikala n'kumanga. Phula lakudalo palani lili lonyowa mpaka patsale kamthunzi chabe. Valani chotchinga mphuno chenicheni cha fyuluta, osati kansalu ka nthawi ya Covid kaja, ndipo zovala zake musapite nazo kunyumba kwa ana.

Tsopano chimene chandichititsa kulemba zambiri, mchere wa pakhomawo. Ameneyo ndi mboni, ndipo mboni imeneyo sinama. Mukuti pansi pali gwa. Inde, ndi Julayi, mvula inasiya kalekale. Bwererani mu Januwale kapena Febuluwale, nthaka ya kufupi ndi Mukuvisi itakhuta madzi, mudzaone. Nyumba zambiri zakale anathira konkire popanda pepala lapulasitiki pansi, ndiye chinyezi chimakwera ngati parafini m'chingwe cha nyali. Zaka zonsezi chakhala chikutuluka n'kumauluka osaoneka. Inu mukayala mphira mwachivundikira, chifukwa mphira sipuma. Chidzasonkhana pansi pake, chitabwera ndi mchere wa m'simenti umene umadya guluu, ndipo matailosi adzayamba kutukuka m'makona. Ndinaziona pa ntchito ina ku Southerton, tinayala mu Ogasiti aliyense akuyamikira, pofika Malichi tinali tikumatula ndi manja.

Lero lomwe palani timalo titatu kapena tinayi, kamodzi kakhale kufupi ndi khoma lamcherelo. Ikanipo pepala lapulasitiki loonekera mkati, masentimita 45 mbali zonse, mumate ndi tepi mbali zinayi kuti mpweya usalowe. Amati lisiyeni maola osachepera 16, koma ine ndimalisiya masiku awiri. Likachita thukuta kapena konkire ikada pansi pake, chinyezi chilipo. Dziwani kuti pepalali limangodziwa kunena kuti inde. Likakhala louma sindiye kuti mwapulumuka, makamaka nyengo ino. Kuyeza kwenikweni amaboola konkire kufika pa 40 peresenti ya kuchindikala kwake n'kuikamo kachipangizo koyeza chinyezi cha mkati. Opanga guluu ambiri amafuna chisapitirire 75 peresenti, ena amalola kufika 85. Onani pa ndowa yanuyo.

Pa nyumba ngati iyi ine sindikanadikiranso umboni wina. Ndikanapaka epoxy yotchinga chinyezi kawiri, kachiwiri modutsana ndi koyamba, kenako pulayima yothandiza simenti kugwira, kenako simenti yodzisalaza yokha ija ya m'matumba, osachepera mamilimita 3. Imeneyi musaidumphe. Guluu wa madzi amafuna kokataya madzi ake kuti aume. Pamwamba pali mphira, pansi pali epoxy, akawataya kuti? Simenti yodzisalazayo ndiyo imamwa. Ndiyonso ithetse vuto la pensulo lanu, chifukwa pansi pa chitsulo cha mamita 2 pasalowe choposa mamilimita 3. Musayese kusalaza ndi mchenga wa kumtsinje ndi simenti wamba. Wopyapyala amasweka, wochindikala amauma pafupifupi milimita imodzi patsiku, mudzadikira mwezi wathunthu.

Mng'aluwo ukuzeni pang'ono ndi gilayinda, popani fumbi, thirani epoxy. Koma ngati mbali imodzi yakwera kuposa inzake, ndiye kuti nyumba ikuyenda, imeneyo ndi nkhani ya eni nyumba.

Mlongo wa ma board, Lachitatu masana

Za simenti amalume a ku Mabvuku amaliza. Ine ndiyankhe za kopa, poti ndine amene ndimakhala pamwamba pa ntchito zanuzo. Ndimakonza mafoni m'tauni, cha ku Gulf Complex.

Achimwene, nyengo inoyi mukamavula juzi usiku simumva kuthetheka? Kapena bulangete kuwala mumdima, kapena chitseko cha galimoto kukulumani chala? Static ndi imeneyo, magetsi amene thupi limatola mukamayenda kapena kukhudzana ndi nsalu. Mpweya ukauma, ngati mmene Harare amakhalira kuyambira Juni mpaka mvula itagwa, amachuluka. Munthu amayamba kuwamva akafika ma volt pafupifupi 3,000. Koma tizipangizo tina ta pa board timafa ndi ochepera 100. Ndiye mukhoza kupha chinthu osamva kalikonse. Choipitsitsa n'chakuti nthawi zina sichifa pomwepo, chimangovulala. Kasitomala amatenga iniveta yake ikugwira bwino, pakatha miyezi iwiri wabwera akukalipa kuti munamubera.

Mphira imene mukuidziwa inuyo ndi yotchingadi. Iyi anaisakaniza ndi zinthu zodutsa magetsi monga kaboni, timadontho takuda mukutionato, kuti magetsi a m'thupi azitsika pang'onopang'ono osati mothetheka. Ulendo wake ndi uwu: thupi, nsapato, tailosi, guluu, kopa, earth. Guluu wanuyo wada chifukwa nayenso ali ndi kaboni, ndiye amene amalumikiza matailosi onse kukhala chinthu chimodzi. Mukaika wa contact wa ku Siyaso, adzagwira ndithu ngati nkhupakupa, koma mlatho mwaudula pakati. Abwana anuwo adzakhala ataononga madola awo kugula kapeti wamba wokwera mtengo.

Kampani imene ikufuna kuwapatsa ntchitoyo ikuyenera kuti ikutsata muyezo wa ANSI/ESD S20.20 kapena wa IEC 61340-5-1. Zonse ziwiri zimafuna kuti kuchoka pamwamba pa tailosi kufika ku earth pakhale ma ohm (muyeso wa mmene chinthu chimakanizira magetsi kudutsa) ochepera 1 biliyoni, komanso kuti munthu woyendapo asatole opitirira ma volt 100. Chachiwirichi pansi pokha sipangachikwanitse. Muwauze agule nsapato zake, kapena timalamba tapachidendene tija. Munthu wa patapata ali ngati waima pa chilumba. Mipando ya matayala apulasitiki chimodzimodzi.

Ndipo chonde, chonde, polishi asadzalowenso m'chipinda chimenecho. Kumene ndinkagwira kale, mayi wina wosesa, wolimbikira ntchito kwambiri, anaona kuti pansi sipakuwala ndipo anapaka Loweruka lonse kuti atisangalatse. Lolemba panali kung'anima ngati galasi. Atabwera oyeza, mita inakana malo onse. Tinatha sabata tikuchotsa. Sindimuimba mlandu mayiyo, palibe anamuuza, ndipo kwathu nyumba yosawala pansi timati mulibe mzimayi.

Wa ku Mufakose, Lachisanu madzulo

Madala, mlongo wanga, Mulungu akudalitseni. Ndinachita za mapepala zija Lachitatu lomwelo, malo anayi. Lero m'mawa atatu ali ouma, koma la kukhoma lamchere lachita thukuta ndipo konkire yada bii pansi pake. Mu Julayi! Ndinamuitana mwini ntchito kuti adzaone ndi maso ake, chifukwa ndikanangomuuza pafoni akanati ndikufuna kukweza mtengo. Anayang'ana nthawi yaitali, n'kufunsa ngati sitingangopaka epoxy mbali yokhayo. Ndinamuuza kuti madzi ukawatsekera khomo limodzi amafuna lina. Tinakangana pang'ono, poti ndalama ya epoxy ndi matumba a simenti yodzisalaza sinali m'mutu mwake, koma wavomera. Masiku atatu aja asanduka milungu iwiri, ndipo mtengo takambirananso. Ine manyazi ndinachita, koma bola manyazi a lero kusiyana ndi kumabisalirana kutchalitchi mu Febuluwale.

Kunja kwa khomalo ndapezanso kuti paipi yotsitsa madzi a padenga inaduka, imathira pa maziko penipeni. Eni nyumba auzidwa.

Ndawerenga pa ndowa ndi pa bokosi. Guluu ndi wa acrylic, wa madzi, ndipo pa matailosi palembedwa kuti dissipative. Tsono kopayu ndimuike pati, wochuluka bwanji, ndipo ndimumange ku chiyani? Kunja kuli mpope wamadzi pafupi.

Wamagetsi wa ku Highfield, Loweruka m'mawa

Achimwene, mpopewo usiyeni. Mapaipi a masiku ano ukawatsata mamita awiri umapeza asanduka apulasitiki, ndiye mudzakhala mwamanga mbuzi ku chikhomo chosazikika.

Kuyala kopa ndi kwanu, kulumikiza ndi kwa wamagetsi. Inu dulani kachidutswa, mbali ina igone pansi masentimita ngati 50 kapena 60 mkati mwa guluu, pansi pa tailosi, ina ikwere khoma pansi pa soketi. Pakani guluu pansi pake ndi pamwamba pake, mukasalaze bwino kuti kasaonekere pa tailosi. Opanga a ku America ambiri amati kamodzi pa masikweya mita 93 alionse, ena a ku Ulaya amafuna pafupipafupi, ndipo ena amafuna kopa adutse chipinda chonse. Ngati pepala lanu lanena, tsatani limenelo. Ngati silinanene, pa masikweya mita 48 ine ndikanaika tiwiri, makoma oyang'anizana. Kamodzi kakadzaduka wina akukoka tebulo, kanzake kadzagwira ntchito.

Timalumikiza ku earth ya nyumba, kaya pa soketi kaya pa bokosi la magetsi. Ku neutral ayi. Koma wamagetsi wanuyo ayambe wayeza ngati earth ya nyumbayo ilipodi. M'mafakitale akalewa ndimapeza kawirikawiri waya wobiriwira uli bwinobwino pa soketi, koma ukaulondola kunja unadulidwa kale ndi anyamata a kopa, anzake a mphwathu wa ku Epworth uja. Ayezenso nthawi imene magetsi azima nyumba ikuyendera jenereta kapena sola, chifukwa kulumikiza kwa anthu ena earth imasokonekera akasintha. Ngati pafunika kukhoma chitsulo chatsopano m'nthaka, chilumikizidwe ku earth ya nyumba yomweyo. Chisakhale chachokha, ma earth awiri osadziwana m'chipinda chimodzi ndi ngozi.

Chimene chikundidetsa nkhawa ine ndi china. Bambo ameneyu amakonza mainiveta. Mmenemo muli ma volt 230 a pakhoma, ndipo ma capacitor ake amasunga opitirira 300 ngakhale mutazimitsa. Munthu akaona mphira pansi amadzimva wotetezeka, pamene mphira iyi ntchito yake ndi kumulumikiza ku nthaka. Mwayi wake mwati ndi dissipative, kutanthauza ma ohm apakati pa 1 miliyoni ndi 1 biliyoni. A conductive amayambira pa 25,000 kufika 1 miliyoni, amenewo pa ntchito ya magetsi amoyo sindikanawakonda. Ngakhale zili choncho, masoketi onse a m'chipindamo adutse pa earth leakage ya 30 mA, kachipangizo kaja kamazimitsa magetsi akayamba kuthawira m'thupi la munthu, ndipo pa tebulo loyesera zinthu zoyaka pakhale mphasa yotchinga yeniyeni. Lamba wa padzanja amene mlongo wathu amavala ali ndi resistor, kochepetsa magetsi odutsa, ya ma ohm 1 miliyoni mkati pa chifukwa chomwechi. Asadzapange wake ndi waya wamba.

Poyeza, multimeter ya m'thumba siithandiza. Pamafunika mita yotulutsa ma volt 100, ndi zitsulo ziwiri zozungulira zolemera makilogalamu 2.27 chilichonse, zotambalala mamilimita 63.5, zokhala ndi mphira yodutsa magetsi kunsi. Mumayeza tailosi ndi earth, kenako malo awiri otalikirana. Mamita otere ambiri amene tili nawo, timawatcha ma megger, amayambira pa ma volt 250 kapena 500, ndiye funsani musanabwereke. Zotsatira zilembedwe papepala ndi tsiku lake, kampani ija idzazifuna.

Madala wa ku Mabvuku, Loweruka masana

Pepala lachita thukuta mu Julayi, ndiye mu Januwale mukanaweta matemba mmenemo.

Za kuyala ndinene mwachidule, manja muli nawo kale. Matailosi ndi guluu zigone m'chipindamo maola 48, mutazitulutsa m'mabokosi, timilu tating'ono pamalo osalala. Chenjerani ndi chisanu. Guluu wotere amafuna chipinda cha madigiri 18 kupita m'mwamba, ndipo konkire ya ku Graniteside m'mawa wa Julayi siifika pamenepo. Yambani cha m'ma 10 koloko, kapena ikani hita usiku. Dzuwa la pawindo litchingeni ndi makatoni, chifukwa mphira ikatenthedwa imakula, mukaiyala yotentha usiku ibwerera n'kusiya mipata.

Tembenuzani tailosi muone ngati kumbuyo kuli muvi. Ngati ulipo, yonse iloze kumodzi. Menyani chingwe cha choko pakati, yalani opanda guluu kaye kuti muone zodula za m'mbali. Chitsulo chopakira chikhale cha mano aang'ono amene alembedwa pa ndowa, osati chanu cha seramiki chija, ndipo mano akayamba kutha tengani china. Pakani malo amene mungamalize guluu asanachite khungu. Tukulani tailosi limodzi nthawi ndi nthawi, kumbuyo kwake kukhale kodetsedwa konse. Musagwade pa amene mwangoyala, gwadani pa thabwa. Guluu wotulukira pamwamba pukutani pomwepo ndi kansalu konyowa.

Rola ya makilogalamu 45, yendetsani m'litali ndi m'lifupi, mubwerezenso pakatha ola limodzi. Botolo la gasi kapena kuponda ndi mapazi si rola. Munthu asapondepo maola 24, matebulo ndi zamatayala zidikire maola 72, kukolopa kudikire masiku angapo.

Kamnyamata ka ku Epworth, Loweruka usiku

Chabwino akuluakulu, ndagonja. Koma za waya wa earth uja si ine. Achimwene a ku Mufakose, ngati mukufuna wokuthandizani kupala ndilipo, ndiphunzireko.

Wa ku Mufakose, patapita milungu itatu

Ndabwera kudzapereka lipoti, poti si bwino kupempha moto osadzanena ngati nsima inapsa.

Kupala kunatitengera masiku atatu, ine ndi mphwanga wa ku Epworth, amene anabweradi ndipo ndi mnyamata wamphamvu. Tsiku lina lonse linapita chifukwa magetsi kunalibe ndipo jenereta ya abwana inalephera kukoka makinawo. Pakona ya matailosi akale tinachita monyowetsa monga munanenera, matumba asanu. Epoxy masiku awiri. Simenti yodzisalaza inandichititsa mantha, imathamanga ngati phala la mwana ndipo siidikira munthu. Thumba loyamba ndinachedwa nalo, panatsala kamzere kamene ndinadzapala ndi mwala mawa lake. Ndi chisanuchi ndinaisiya masiku atatu kuti iume.

Wamagetsi atabwera anapeza zomwe munanena a ku Highfield. Waya wa earth unathera kuseri kwa khoma, wodulidwa bwinobwino ndi pulayala. Anakhoma chitsulo chatsopano n'kulumikiza ku bokosi, anaikanso earth leakage.

Cholakwa changa chilipo. Tsiku lachiwiri loyala, chakumadzulo nditatopa, matailosi asanu ndi limodzi a pafupi ndi khomo ndinawaika muvi utaloza kwina. Usiku sizioneka, koma kuwala kwa dzuwa kukalowera pakhomo amaoneka oderapo kuposa anzawo. Ndinamuonetsa mwini ntchito ndekha. Anati asiyeni, pamenepo pabwera kabati. Rola ndinabwereka kwa mmisiri wina wa makapeti ku Workington, kuikweza mu kombi inali nkhondo, kondakitala anandilipiritsa mipando iwiri.

Oyeza anabwera Lachinayi ndi zitsulo zawo ziwiri zija. Anayeza malo khumi, onse anagwera pakati pa ma ohm 4 miliyoni ndi 30 miliyoni, ndipo analemba pepala. Ine mtima sunakhale pansi kwenikweni mpaka mvula ya Januwale idutse. Ndamuuza kuti ndidzabwera kudzayang'ana makona a kukhoma lakumbuyo.

Mlongo wanga wa ma board, munali ngati mwalota. Dzulo ndikulongedza zida, akazi a abwana anafika kudzaona chipinda, m'manja atanyamula chitini chachikulu cha polishi, chatsopano, ati pansi pokongola chonchi pakungofunika kuwalitsa. Tinawafotokozera, anaseka, n'kundipatsa ine chitinicho. Mayi a kunyumba apaka pakhonde lero m'mawa, kuno ku Mufakose kuli psuu.